Befu anatha koma mawondo anakana

Ine kuthamanga sindinayambe chifukwa chokukonda ayi, anandiopseza ndi kamakina koyezera BP. Ndinapita kuchipatala ndi mutu basi, nesi atandimanga chija pamkono anayang'ana manambala, nkundiyang'ana ine, nkubwerezanso kuyeza. Kenako akuti "bambo, mumagwira ntchito yanji?" Ndinati ya muofesi. Iwo akuti "zikuoneka." Sikelo nayo sinandichitire chisoni, makilo 94, ine wamfupi chonchi. Nde ndinatuluka mmenemo nditalumbira kuti kuyambira mawa ndine wothamanga, ndipo tsiku lomwelo ndinadzera pa kaunjika ku Limbe kukagula nsapato.

Nsapatozo pamwamba zinali bho kwambiri, zochapidwa bwino, mnyamata wogulitsayo anachita kuzipaka sopo mpaka kumanyezimira. Kunsi sindinayang'ane nkomwe. Ndinadzazindikira patapita miyezi kuti chidendene chake chinali chodyeka mbali imodzi, mwini wake woyamba kwawo kunjako anali atazimaliza kale, ine ndinangogula chikopa chake.

Ndimakhala ku Chilomoni, ndipo amene amaidziwa Blantyre akudziwa kuti kuno malo a fulati ndi osowa, ukatuluka pageti uyenera kusankha kukwera kapena kutsika. Ine ndinkasankha kutsika kaye chifukwa kumakoma, umadziona ngati dolo, miyendo ikungopita yokha, phazi likumenya tala kuti pha pha pha. Pobwerera nde kunali kulira. Ndinkathamanga tsiku lililonse, Lolemba mpaka Loweruka, makilomita 5, ndipo tsiku lililonse ndinkafuna kuposa nthawi ya dzulo chifukwa anzanga a kuntchito tinali nawo pa Strava, ka app ka pafoni kolemba mtunda ndi nthawi imene wathamanga, aliyense akuona za mnzake. Mukudziwa kale mmene amuna timachitira, munthu bola afe koma asaoneke wotsalira.

Sabata yoyamba thupi lonse linaphwanya, kukhala pampando kunali kochita kugwirira tebulo. Izo sindinadabwe nazo. Sabata yachiwiri ndi yachitatu ndi imene inandinamiza, chifukwa befu anayamba kuchepa, chitunda chimene ndinkaima kawiri ndinayamba kuchikwera osaima, nde ndinati basi thupi lazolowera, nkuwonjezera kufika makilomita 8 nthawi imodzi. Sabata yachinayi bondo lakumanja linayamba kulankhula.

Ndifotokoze bwino mmene linkawawira, chifukwa mawondo amawawa mosiyanasiyana ndipo mwina lanu silili ngati langa. Langali silinatupe, silinali lotentha, sindinagwe kapena kubinya. Ululu wake unali kutsogolo, kuseri kwa kafupa kozungulira kaja kamene kamasuntha ukakagwira, ndipo ukandifunsa kuti loza pamene pakuwawa ndinkachita kuzunguliza dzanja lonse, panalibe malo amodzi. Kukwera masitepe kunali kwabwinoko, koma kutsika, mayo ine. Mu minibasi ukakhala mpando wakumbuyo uja mawondo atapindika kuchokera mtauni mpaka kunyumba, potsika ndinkatsimphina ngati agogo. Kunjuta nde osanena, tinapita kumudzi kumaliro ndipo chimbudzi chokumba chija chinandionetsa zakuda, ndinachita kugwira khoma podzuka. Pamwamba pa zimenezo miyendo yonse iwiri inkalemera ngati andimangirira njerwa, ukangoyamba kuthamanga mamita 200 okha umamva ngati wathamanga kale tsiku lonse.

Malangizo nde anabwera ambirimbiri. Wina akuti ndi nyamakazi, wakula basi. Wina akuti mawondo atha mafuta, uzidya mang'ina ndi therere, ngati kuti therere likalowa mmimba limatsetsereka mpaka kukafika mubondo kkkk. Azakhali anga atamva anangoti "mwana iwe mmamawa mumdima umaponda zambiri, anthu amataya zinthu pamphambano." Madamu kunyumba anangoti "abambo, anzanu amathamanga ali anyamata, inu mukufuna mutisiyire mavuto." Koma langizo limene ndinatsatira, lomwenso linali loipa kuposa onse, ndi la mnzanga wina wa kujimu amene anati ululu umathera pothamanga pomwepo, ingomwa burufeni upitirize. Ndinachitadi zimenezo masabata awiri, mapilisi awiri mmamawa mmimba mulibe kanthu, nkumathamanga. Ululu umabisala, iwe nkumawonjezera kuvulaza malo omwewo osamva, madzulo mankhwala akatha mphamvu nde umabwera ndi abale ake. Komanso ndinadzauzidwa kuti burufeni ndi anzake monga dikolofenaki amapala mmimba ukamwa usanadye, ndipo ukamamwa uku ukutuluka thukuta kwambiri osamwa madzi okwanira impso zimavutika, kuwonjezera apo amatha kukweza BP, yomwe ija ndinkaithawa. Ndinkazimitsa moto ndi palafini.

Tsiku limene ndinagonja ndi pamene ndinalephera kutsika masitepe a kuntchito manja ali mthumba, ndinachita kutsika chammbali ngati nkhanu. Ndinapita kukaonana ndi a fiziyo, aja achipatala othandiza za minofu ndi mawondo pogwiritsa ntchito masewera, mayi wina wodekha bwino. Ine ndinkayembekezera ekisileyi, mwinanso kuuzidwa za opaleshoni. Iwo anagwiragwira bondo, kulipinda, kulikoka, kufunsa ngati limatupa, ngati limakwama osatambasuka, ngati limagwa lokha ndikamayenda, zonse ndinati ayi. Kenako anati ndiime ndi mwendo umodzi kutsogolo kwa galasi nditsike pang'ono ngati ndikufuna kukhala pampando. Abale, ndinadzionera ndekha, bondo langa linkathawira mkati, chiuno chikugwera mbali inayo, thupi lonse likunjenjemera. Anaseka pang'ono nkunena kuti "achimwene, bondo lanu lilibe mlandu, likungolipira ngongole ya matako ndi ntchafu."

Anandifotokozera motere, ndipo ndi chimene ndikufuna aliyense woyamba kumene amve. Kafupa ka kutsogolo kwa bondo kamayenda mukangalande ka fupa la ntchafu, kukwera ndi kutsika nthawi iliyonse ukapinda mwendo. Minofu ya mmatako ndi mchiuno ndi imene imagwira ntchafu kuti isapotokere mkati. Munthu amene wakhala pampando zaka khumi ngati ine minofu imeneyo imakhala yogona tulo, nde katundu yense amagwera pakafupa kaja. Vuto limeneli pachizungu amati runner's knee, ndi lofala kwambiri kwa othamanga, makamaka amene awonjezera mtunda mofulumira. Ndipo pothamanga phazi likamagunda pansi mphamvu yake imakhala kulemera kwako kuwirikiza kawiri kapena katatu, nde werengerani nokha, ine wa makilo 94 ndiye kuti sitepe iliyonse ndi makilo pafupifupi 200 kapena kuposa, ndipo pakilomita imodzi pamalowa masitepe cha mma 1,000. Potsetsereka nde zimanyanya chifukwa ntchafu zimagwira ntchito ya mabuleki, mwendo umaponda patsogolo kwambiri utawongoka, ndipo ine matsitso ndi amene ndinkawathamanga ngati ndaba.

Koma mawu amene anandikhala mmutu ndi akuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, masabata ochepa chabe, pamene mitsempha yolumikiza minofu ndi mafupa, komanso mafupa enieniwo, zimatenga miyezi. Nde nthawi imene befu wachepa ndi nthawi yoopsa kwambiri, chifukwa chifuwa chimakuuza kuti tiye tiwonjezere pamene mawondo sanavomere. Ine ndinamvera chifuwa.

Sanandiletse kuthamanga mpaka kalekale ayi, ndipo ndinadabwa. Anati ndipume masabata awiri koma ndiziyenda wapansi malo osatsetsereka, kenako ndibwerere pang'onopang'ono. Anandipatsa masewera oti ndizichita pakhomo katatu pasabata, opanda chitsulo chilichonse. Kugona chagada mawondo atapinda nkumakweza chiuno mmwamba. Kugona chammbali nkumakweza mwendo wapamwamba utawongoka, aka kamaoneka kachibwana koma ukafika ka 15 thako limayaka moto. Kukhala pampando nkudzuka osagwira kanthu, mawondo akuyang'ana kumene zala zakuphazi zikuyang'ana. Kukwera pa sitepe ya pakhonde ndi mwendo umodzi nkutsika mwapang'onopang'ono, ndikudziyang'anira kuti bondo lisathawire mkati. Ndi kunyanyamphira pa zala kulimbitsa akatumba. Zonse pamodzi mphindi 20. Ana anga ankaseka mpaka kugwa, bambo wamkulu ali gone pamkeka pabalaza akukweza mwendo, koma patatha mwezi wamng'onoyo anayamba kumandiwerengera.

Kubwerera kwake nde kunafuna kudzichepetsa. Mphindi imodzi kuthamanga, mphindi ziwiri kuyenda, kubwereza kasanu ndi katatu, katatu kokha pasabata, tsiku lopuma pakati. Ndinasiya tala wa matsitso uja, ndinkapita pagalaundi ya sukulu ina pafupi ndi kwathu, yafumbi, kumazungulira pamenepo. Manyazi analipo, anyamata a mpira akukudutsa, iwe ukuyenda utavala zothamangira. Strava ndinayamba ndaibisa kuti anzanga aja asaone. Lamulo limene anandipatsa linali loti ululu pang'ono, woti ukhoza kuupatsa 2 kapena 3 pa 10, ndi wololedwa bola usandichititse kutsimphina ndipo pofika mawa lake ukhale utabwerera mwakale. Ukapitirira apo ndiye kuti ndachulutsa, ndibwerere mmbuyo sitepe imodzi. Powonjezera, anthu ambiri amatsatira zoti osapitirira 10 peresenti pasabata, si lamulo la mbaibulo koma limakugwira dzanja kuti usadumphe kuchoka pa 5 kufika pa 8 ngati ine.

Chinanso chimene chinathandiza bondo ndi kufupikitsa masitepe. Ndinkaganiza kuti wothamanga weniweni amatambasula miyendo kutali, osadziwa kuti kwa ine kunali kumenyetsa chidendene patsogolo bondo litawongoka. Nditayamba timasitepe tifupitifupi tofulumirako, phazi likutera pafupi ndi pansi pa thupi, phokoso la pha pha lija linachepa, ndipo ululu nawo unachepa. Mudziyese nokha, ngati agalu a mmipanda akukumvani muli patali ndiye kuti mukuponda molemera. Misewu yathunso mmbali mwake ndi yopendekeka kuti madzi azitsikira mngalande, ukamathamanga mbali imodzi tsiku ndi tsiku mwendo umodzi umakhala mmunsi nthawi zonse. Pamsewu waukulu sungasinthe mbali mwachisawawa chifukwa uyenera kuyang'anizana ndi magalimoto, makamaka ndi mmene akabaza a njinga zamoto amayendera mmamawa, nde bola kusakaniza, tsiku lina msewu, tsiku lina galaundi.

Tsopano za kulemera kwa miyendo, chifukwa iyi ndi nkhani ina payokha ngakhale zinabwera limodzi. Ine ndinkakhulupirira zija timauzana kuti ndi asidi wadzaza mminofu. Asidi ameneyo alipodi ukathamanga mwamphamvu, koma thupi limamuchotsa pasanathe ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, sagona mpaka mawa. Kuphwanya kumene umamva mawa lake ndi mkuja ndi minofu imene yachita timabala ting'onoting'ono chifukwa cha ntchito yachilendo, kumafika pachimake pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu kenako kumatha kokha, ndipo pochira pamenepo ndi pamene minofu imalimba. Nde ukamathamanga tsiku lililonse osaipatsa mpata, ukumanga nyumba pa simenti yosauma. Ine kulemera kwanga kwakukulu kunali kumeneko basi, kusapuma.

Chachiwiri chinali liwiro. Pagalaundi paja ndinakumana ndi madala ena, tsitsi loyera mbuu, amathamanga pang'onopang'ono koma osaima, ine ndimafika ndimawapeza, ndimachoka ndimawasiya. Tsiku lina anandiyandikira nkuyamba kundifunsa za mpira, ine kuyankha kwake mawu amodziamodzi ndi wefuwefu. Akuti "mphwanga, ngati sungathe kundiuza nkhani uku ukuthamanga ndiye kuti ukuthamangitsidwa." Ndinatsitsa liwiro mpaka kufika poti ndikhoza kulankhula chiganizo chonse, ndipo kunena zoona poyamba zinkaoneka ngati kuyenda kumene. Koma ngakhale akatswiri a ku Kenya aja, anthu ngati Eliud Kipchoge amene anathamanga makilomita 42 pasanathe maola awiri ku Vienna mu 2019, gawo lalikulu la maphunziro awo limakhala lofatsa poyerekeza ndi mphamvu zawo, masiku olimba amakhala ochepa. Ine wa ku Chilomoni ndinkafuna tsiku lililonse likhale fainolo.

Zinazo ndi zazing'ono koma zimaphatikizana. Tulo, ndikaonera mpira wa usiku nkugona cha mma 12 kenako kudzuka 5 koloko, miyendo imadziwa. Chakudya, panthawi ija ndinkafuna kuonda msanga nde ndinasiya nsima usiku nkumangodya masamba, kenako mmawa kumayembekezera kuti miyendo ithamange, mafuta ake achokera kuti? Ndinabwezeretsa nsima, mitanda iwiri mmalo mwa inayi, ndipo mmawa ndimadya nthochi imodzi ndisanatuluke. Koma osadyanso nsima ndi nyemba nkutuluka pompo, ndinayesapo madzulo ena, sindifotokoza zambiri. Kutentha nakonso, mu Okutobala ndi Novembala mtunda womwe uja umalemera kawiri, dzuwa likangotuluka basi, nde nthawi imeneyo ndimadzuka molawirira ndi kumwa madzi okwanira tsiku lonse osati kugugudiza lita yonse pageti. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi ndiye kuti madzi akuchepa.

Pali kulemera kwina kumene sikuchokera kothamanga, ndipo apa ndikupemphani musachite makani. Patapita miyezi ingapo zonse zikuyenda bwino, sabata ina miyendo inangolemera popanda chifukwa, mtima ukugunda kwambiri pa liwiro lomwe ndinazolowera, kamutu pang'ono. Ndinati mwina ulesi. Tsiku lachitatu kuzizidwa, kukayezetsa anapeza malungo, ndinali nditangobwera kumene kunyanja. Ndipo ngakhale utamaliza LA, mphamvu sizibwera tsiku lomwelo, ine zinanditengera masabata awiri kuti ndimve miyendo kuti ndi yanga. Mlongo wanganso atayamba kuthamanga ankadandaula zomwezo, kulemera, befu wosatha, chizungulire akadzuka, kukayezetsa anapeza magazi ochepa. Kwa azimayi zimenezi ndi zofala chifukwa cha kumwezi, ndipo palibe masewera olimbitsa matako amene angakonze zimenezo. Anamupatsa mapilisi a ayironi, nkumulangiza chiwindi, usipa, nyemba, bonongwe, komanso kuti asamamwe tiyi nthawi yomweyo ya chakudya chifukwa amatchinga ayironi kulowa mthupi. Nde ngati mwapuma bwino, mukudya bwino, koma miyendo ikulemerabe masabata, kayezetseni magazi, sizitenga nthawi.

Bondonso lili ndi zizindikiro zoti osazinyengerera ndi masewera apakhomo. Likatupa, likatentha, likamakwama kapena kugwa lokha, ngati munamva kuti thwa pamene munavulala, ngati simungathe kupondera, pitani kuchipatala. Ululu wa pamsongolo woti mukhoza kuuloza ndi chala chimodzi pafupa, womawawa ngakhale mukungoyenda kapena usiku, ukhoza kukhala mng'alu wa fupa, osathamangira pamenepo. Katumba wa mwendo umodzi akatupa nkumatentha, makamaka mutayenda ulendo wautali mutakhala monga wa basi ya ku Joni, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, osakanda. Ndipo ngati muli ndi BP ngati mmene ndinalili ine, kapena shuga, uzani adokotala kuti mwayamba kuthamanga, kupweteka pachifuwa si befu.

Za zoti kuthamanga kumamaliza mawondo, zija amanena anthu atakhala pabawo, ndinafunsa a fiziyo aja. Anati anthu othamanga mwapakatikati sapezeka ndi nyamakazi ya mawondo kuposa anthu ongokhala, ndipo kulemera thupi ndi kumene kumawononga mawondo kwambiri. Nde chowiringula chimenecho chinandithera.

Nsapato ndinagulanso, pa kaunjika pomwepo chifukwa zatsopano mtengo wake mukuudziwa, koma ulendo uno ndinayamba kuyang'ana kunsi. Ndimaziika pamalo osalala kuona ngati zikupendekeka, ndimadina ndi chala chachikulu mbali yofewa ija kuona ngati ikubwerera kapena yauma ngati chikwa, ndimasiya mpata wa chala chimodzi kutsogolo, ndipo ndimayesa madzulo phazi litafufuma. Nsapato yothamangira amati imatha pakati pa makilomita 500 ndi 800, nde ya pa kaunjika sudziwa kuti mwini wake anadyapo angati. Komabe ndisakunamizeni, nsapato si imene inachiritsa bondo langa, inangothandizira. Anthu ambiri amathamangira kugula nsapato ndi zomangira bondo chifukwa kugula nkosavuta kuposa kugona pamkeka ukukweza mwendo katatu pasabata.

Zinanditengera masabata ngati 10 kuti ndithamange mphindi 30 osaima popanda bondo kudandaula, ndipo mkati mwake ndinabwerera mmbuyo kawiri chifukwa cha dyera. Pano ndimathamanga katatu pasabata, Loweruka ndimafika makilomita 10, matsitso a ku Chilomoni ndimatsika ndi timasitepe tating'ono ngati ndanyamula mazira. Bondo limandikumbutsabe ndikajomba masewera aja masabata awiri, kaululu kaja kamayamba pa masitepe a kuntchito, nde ndimadziwa kuti mkeka ukundiitana. Anzanga a pa Strava aja awiri anasiya, mmodzi ndi bondo lomweli, ndinamutumizira masewera anga koma akuti alibe nthawi. Wina akundikopa kuti chaka chamawa tikayese Porters Race ku Mulanje, ndamuuza kuti kukwera kwake sindikuopa kwenikweni, koma kutsika phiri lija ndiyambe ndakafunsa kaye kwa mayi a fiziyo aja. Nsapato zoyamba zija madamu amavala akamathirira mpiru kuseri.